Mpando wa Kumbuyo

Mutu wa makina osokera umalemera ngati mwana wa zaka ziwiri, kusiyana kwake n'kwakuti mwana amadziwa kugwira. Mutu wa makina sugwira kanthu. Ukauika panjinga yamoto umangodikira dzenje loyamba.

Bambo amene ankakonza makina a matelala a m'tauni ankazidziwa bwino zimenezi. Matelalawo ankawatchula kuti a Bobini, dzina la kagudumu ka ulusi kokhala kunsi kwa makina, chifukwa anali aafupi, osalankhula, ndipo ntchito yawo inkachitikira pansi pomwe maso safika. M'mawa uliwonse ankachoka kunyumba ndi chikwama cha zida, n'kuyenda khonde ndi khonde momwe matelala amasokera. Timatenda ting'onoting'ono ankathana nato pomwepo. Makina odwala kwambiri ankawazula pathebulo n'kupita nawo kunyumba, kumene kunali benchi yawo ndi mabotolo a tizitsulo.

Zaka zonsezi funso la ponyamulira linali lisanabwerepo. Akazi awo ankagwira ntchito kochapira zovala m'tauni momwemo, ndiye ankapitira limodzi panjinga yamoto n'kubwerera limodzi. Mayiwo ankakhala pampando wakumbuyo, mutu wa makina uli pamiyendo wokulungidwa m'bulangeti lakale, dzanja lina pamakina, lina palamba wa amuna awo.

Mayiwo anamwalira mvula itangoyamba. Pofika nyengo yozizira, a Bobini anali atayesa njira ziwiri. Anayamba ndi kubereka makina m'chikwama chakumsana, koma patatha sabata msana unakana, moti ankavala nsapato atakhala pansi ngati mayi woyembekezera. Kenako anayamba kumangirira makina pakaliyala, kachitsulo kaja kakumbuyo kwenikweni, ndi malamba odula kuchubu. Tsiku lina lamba anaduka pamtunda wa kumsika, makina a mayi wina wosoka mayunifomu anagubuduka mumsewu n'kusweka gudumu. Pofuna kuwatola msanga, a Bobini anagwa nayo njinga n'kusupuka chigongono.

Nkhani sigona. Loweruka lomwelo mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wa kusekondale, anatulukira pakhomo nkhope ili gwa.

"Ababa, ndionetseni mkonowo."

"Wapola."

"Ndati ndionetseni, sindinafunse ngati wapola." Anawapinda malaya yekha, n'kuyang'ana bala. "Chipinda chanu kwathu ndinapaka kale penti. Zenera lake layang'ana kumunda. Muzidzuka nthawi imene mwafuna. Mukufunanji m'misewumu, mukufuna ndidzakutoleni ndi fosholo?"

"Ndili ndi ntchito."

"Ndiye bwanji osamangirira makinawo pampandopa? Malo onsewa angokhala."

A Bobini anayang'ana nkhuku ya eni ake imene inkadutsa pabwalo.

"Chabwino," anatero mwanayo. "Tipangane. Mukangogwanso kamodzi, kaya inuyo kaya makina a munthu, mundipatsa kiyi ya njinga ndipo mukusamuka. Mwavomera?"

"Ndamva."

Mwanayo anadziwa kuti wapambana theka, pakuti bambo ake akati ndamva, ndiye kuti asaina. Sanali munthu wobisa kugwa.

Lolemba a Bobini anapita kwa mlamu wawo, mchimwene wamng'ono wa malemu uja, amene ankawotcherera zitsulo kuseri kwa depoti. Anali munthu wamkulu thupi, wapakamwa posatseka, malaya ake obookabooka ndi nthethe za moto.

"Ee, taonani amene wabwera! Alamu, ndimayesa munasamukira kumwezi. Foni yanu ija mumaiyesa wotchi?"

"Ndikufuna bokosi."

"Moni kaye, akulu. Bokosi silithawa."

"Muli bwanji. Ndikufuna bokosi."

Mlamuyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kutenga tepi yoyezera. A Bobini anatulutsa kapepala kamene analembapo miyeso: m'litali mwa mutu wa makina, m'lifupi, msinkhu, ndi malo a zala zinayi mbali zonse oikamo siponji. Chivundikiro chikhale chopindikira pansi kuti mvula isalowe. Pakhale pokolowekapo loko.

"Zonsezi n'zophweka," anatero mlamuyo, akuyala tepi pampando wakumbuyo. "Timasula mpandowu, mabawuti ake ndi anayi okha, bokosi likhala apa."

"Ayi. Pakaliyala."

"Pakaliyala? Alamu, kaliyala ndi wa jekete ndi buledi. Apa ndi kumbuyo kwa tayala. Mukaikapo chitsulo cholemera chonchi, kutsogolo kupepuka, njinga iyamba kuyenda ngati galu woimirira ndi miyendo iwiri."

"Pakaliyala."

"Nanga mabokosi awiri am'mbali?" Anadziyankha yekha asanayankhidwe. "Ayi, makina ndi amodzi, mbali imodzi ilemera, muzingozungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Pathanki napo simungakhote. Malo ake ndi pampandopa basi. Katundu wolemera amakhala pomwe pamakhala munthu. Anaipanga choncho njingayi, si ine."

A Bobini anapinda kapepala kawo n'kukabwezera m'thumba.

"Ndipita kwina."

"Khalani pansi, inu! Mutu ngati chitsa. Achemwali anapirira zambiri, Mulungu awapatse mpando wofewa." Anagwetsa magalasi akuda pamaso. "Ndikupangirani. Koma ndanena, ndipo zitsulo zonsezi ndi mboni."

Bokosi linatha Lachinayi. Linali lokongola, lopakidwa penti yakuda, lokhala pakaliyala ngati kanyumba. Pakati pa bokosilo ndi msana wa a Bobini panatsala mpando uja, wopanda kanthu, chikopa chake chonyezimira pakati pomwe chinaperesekera.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo, ananyamula makina a telala wina wa masuti, akale, achitsulo chokhachokha. Analowa m'bokosi bwinobwino, osagwedera. A Bobini anatseka loko, mtima uli m'malo.

Pamsewu wosalala njinga inangopepuka pang'ono kutsogolo, ngati ikufuna kufunsa kanthu. Atayamba kukwera mtunda wa kumsika, mahandulo anayamba kunjenjemera. Anachepetsa moto. Galimoto ya mchenga inawapitirira, mphepo yake n'kuwakankha, ndipo tayala lakutsogolo linangoti pepu, kusiya kumva. Njinga inapita kumanzere yokha, inabwerera kumanja, kenako inalunjika kungalande. Anaponda pansi ndi miyendo yonse iwiri, nsapato zikukhukhuluzika m'miyala, mpaka anaima tayala lili pamlomo pa ngalandeyo.

Kugwa sanagwe. Anakhala choncho nthawi yaitali, manja ali pamahandulo. Anthu ankadutsa ndi mitolo yawo. Mayi wina wogulitsa nthochi anawayang'ana, n'kuyang'ananso kumbali. Panalibe woti awafunse ngati avulala, panalibenso woti amuuze kuti sanavulale.

Kunyumba kunali patali, ndipo kutsogoloko kunali mitunda ina iwiri. Anatsika, anatembenuza njinga, n'kuyamba kuikankha kubwerera kuseri kwa depoti.

Mlamu uja anali akukulunga nthambo zake pamene anawaona akubwera wapansi, thukuta lili kamukamu.

"Mafuta atha?"

"Ayi."

"Mwagwa?"

"Ayi."

"Koma munatsala pang'ono." Anawayang'ana kunsapato, kumene chikopa chinali chitasupuka kumphuno. Pakamwa pake panatseguka kuti anene zija ananena, koma anangokoka chitini chopanda kanthu n'kuwaikira. "Khalani apa. Achemwali akanakuonani mukukankha njinga ngati wilibala, akanaseka mpaka kugwetsa makina a eni ake."

A Bobini anakhala. Mlamuyo anatunga madzi m'kapu yapulasitiki n'kuwapatsa, iye n'kutsamira pageti losamaliza limene linali pakhoma.

"Mukuyesa ine sindiuona mpandowu?" anatero, mawu atatsika. "Mukamadutsa apa m'mawa ndimauona. Poyamba ndinkakweza dzanja, kuiwala. Munthu uja ndinayamba kumudziwa ine, inu musanabwere ndi jekete lanu lobwereka lija. Anandibereka kumsana."

"Silinali lobwereka."

"Linali lobwereka, manja ake ankafika m'zala." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Mwana wanu anandiimbira. Akuti mukagwanso akutengani. Ine sindilowerera za bambo ndi mwana. Koma ndikuuzeni monga wazitsulo: ndi bokosi lili apoli, mwezi uno simuumaliza. Ndiye sankhani. Mpandowu ukhale wopanda kanthu m'galaja mwa mwana wanu, njinga itafunditsidwa pepala, inu muli pazenera kuwerenga mapapaya. Kapena ugwire ntchito."

A Bobini anamwa madzi aja pang'onopang'ono. Anaganiza za chipinda chopaka penti, choyera, chopanda fungo la mafuta a makina. Anaganiza za benchi yawo, ndi za matelala amene amayamba kuwakuwira akadali patali, aliyense ndi dandaulo lake la ulusi wodukaduka. Anthu amene ankalankhula nawo tsiku lonse anali amenewo, ngakhale kuti iwo ankangoyankha ndi mutu.

"Sankakonda kukhala chabe," anatero.

"Ndani, achemwali? Ankatsuka ndi mbale zoyera zomwe."

A Bobini anaimirira, anatsegula chikwama cha zida, n'kusankha sipanala. Mlamuyo anatambasula dzanja kuti alandire, koma iwo anapukusa mutu. Anagwada okha pambali pa njinga. Mabawuti atatu anamasuka mosavuta. Bawuti lachinayi linali ndi dzimbiri, ndipo analimbana nalo nthawi yaitali, akudontheza mafuta a makina, kudikira, kuyesanso. Pomaliza bawutilo linalira n'kutembenuka.

Mpando unachoka. Pansi pake panali fumbi la zaka zambiri ndi chitsulo chosaonapo dzuwa.

Ntchito yotsalayo inali ya mlamu. Anatulutsa makina aja, anadula bokosi pakaliyala, analisunthira kutsogolo, n'kuwotcherera timiyendo tinayi tolowa m'mabowo a mabawuti omwe aja. Kumbali yoyang'ana msana anamatako siponji yokutira ndi chikopa chakuda.

"Kuti lisakugundeni pa mabampu. Takwerani tione."

A Bobini anabwezeramo makina, n'kukwera. Njinga inatsika pang'ono kumbuyo, n'kukhazikika.

"Nanga uwu?" Mlamuyo anali atanyamula mpando uja m'manja onse awiri, mosadziwa pouika.

A Bobini anauyang'ana. M'bokosi munalibe malo, ndipo kuumangirira pakaliyala ndi malamba a chubu sakanatha.

"Musautaye."

"Ndani angataye? Pitani, kusanade."

Pamtunda wa kumsika njinga inakwera mowongoka ngati yajambulidwa ndi rula. Pokhota inagona bwino n'kudzuka bwino. Miyezi yonseyi ankaiyesa yakalamba, poti inkadumphadumpha m'maenje ndi kuterereka pamchenga; tsopano anazindikira kuti inkangosowa kulemera kumbuyo. Inali kuyenda monga inkayendera kale, ndipo chimenecho ndicho chinawawawa kuposa zonse. Anatsegula galasi la chipewa kuti mphepo iwaombe m'maso.

Atafika pakhomo anazimitsa injini, n'kukhala kaye pomwepo, phazi lili pansi. Kenako anatulutsa foni n'kuimbira mwana wawo.

"Ababa? Mwaimba nokha? Chachitika n'chiyani, mwagwa?"

"Ayi. Ndaika bokosi."

"Pati?"

"Pampando."

Kumbali inayo ankamva ana akusewera chapatali, ndi mpopi ukuthira madzi m'ndowa.

"Ndiye simubwera," anatero mwanayo, mawu ali aang'ono.

"Ndidzabwera Lamlungu. Kudzacheza."

"Chabwino, ababa. Mudzadye kuno."

"Ndamva."

Anabweza foni m'thumba. Anatsegula loko, anakumbatira makina a telala wa masuti uja n'kuwatulutsa. Pakhomo anavutika pang'ono, chifukwa manja onse anali ogwira ndipo kiyi inali m'thumba lakumbuyo. Anaika makina pansi, anatsegula chitseko, anawanyamulanso, n'kulowa.