Mavalavu Awiri mu Nyuzipepala

Mitsue anaika valavu ya injini yopserera pathebulo, pambali pa mbale ya mchimwene wake.

"Chotsa chimenecho, tikudya," anatero Takehiro.

"Taonani m'mphepetemu, achimwene. Yadyeka ngati dzino la nkhalamba. Vuto la njinga ija ndi lomweli basi."

Panali patapita masiku anayi chiwotchereni thupi la bambo awo, a Genzo Kuramochi, ndipo fungo la lubani linali litalowerera mpaka m'zovala. Takehiro anali atapeza kale munthu wa ku Nagoya wofuna kugula njinga yamoto yakalekale ya malemuwo. Ankayembekezeka kubwera Loweruka, wansembe akangomaliza mapemphero a tsiku lachisanu ndi chiwiri la maliro.

"Munthuyo akukaiika m'galasi, kulira alibe nako ntchito," anatero Takehiro. "Ngakhale kiyi wake sakupezeka. Nanga iweyo ukuvutikiranji? Chiwaphereni injini uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, bambo sanakulolenso ngakhale kuipukuta."

Amayi awo anathira tiyi osayang'ana aliyense. "Zaka makumi anayi ndakhala ndikulambalala zitsulo za bambo anu polowa m'nyumba mwanga. Ikalira pofika Loweruka, ikhala. Ikapanda kulira, ipite."

Mitsue sanamalize kudya. A Genzo anali atakulitsa injiniyo kuti ikhale yamphamvu, ndipo mavalavu akale sankapirira kutentha kwake. Ankafunika olimba. Anaimba mafoni tsiku lonse, akuyendayenda m'galaja. Sitolo ina ya ku Tokyo inati adikire miyezi iwiri. Ina inafunsa miyeso. Anakhuthula madirowa, anasanthula zitini za mabawuti, koma bambo ake sankalemba kanthu. Miyeso yonse ankaisunga m'mutu, ndipo mutuwo tsopano unali phulusa mumtsuko woyera kuchipinda chochezera.

Lachisanu m'mawa anapita kwa a Obata, mnzawo wa malemuwo, amene ankasema zitsulo pa makina kuseri kwa munda wa tiyi. Anawapatsa valavu yopserera ija.

"Mungandisemere awiri olimba pofika mawa?"

"Mawa? Ukuyesa ndikuphika mazira?" Anaitembenuza, n'kuiponya m'chidebe cha zotaya. Kenako anatsegula kabati natulutsa kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala. "Wachedwa, mwana iwe. Bambo ako anabwera mu Febuluwale, atangotuluka m'chipatala koyamba kuja. Anandibweretsera mavalavu a injini ya boti kuti ndiwachepetse. Chitsulo chimenechi sichidziwa kupsa."

"Koma dokotala anali atawaletsa kukwera."

"Ndinamufunsa zomwezo. Ndinati, nkhalamba iwe, ukuthamangira kuti, kumanda sikuthawa. Iye anati, si ine ayi, amene adzaikwere sadziwa kubweza moto, dzanja lake ndi louma ngati mutu wake." A Obata anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Sindikuganiza kuti ankanena Takehiro. Uja amaopa ndi njinga yopalasa yomwe."

"Anakanika kundiuza okha?"

"Genzo? Kamwa ankasungira kudyera. Anakulunga yekha kameneka, anati adzakatenga mwiniwake."

Masana Mitsue anali m'galaja, atapinda manja a malaya ake akuda. Takehiro anaima pakhomo, foni ili m'manja, akusamala nsapato zake.

"Ndiye wa ku Nagoya ndimuuze chiyani?"

"Muuzeni abwere adzamvere."

"Ulibe ngakhale kiyi, Mitsue."

"Ndilumikiza mawaya. Paja ndi mmene ndinaibera nthawi ija."

Anatenga kamtengo kokhulira mavalavu, kamene chigwiriro chake chinali chitasalala ndi zikhatho za bambo ake, nakapekesa pakati pa manja kuti aone ngati akukumbukira. Amayi anasuzumira kuseri kwa Takehiro.

"Kupemphera kumene bambo anu ankakudziwa ndi kokhako," anatero, koma sanachoke pakhomopo.

Mitsue anamasula chingwe cha kaphukusi. Mfundo yake inali ya bambo ake, yomanga kawiri, yovuta. Mavalavu awiri anagona pa nyuzipepala akunyezimira, opakidwa mafuta. Pansi pake panali kanthu kena kokulunga pakokha. Atakafunyulula, kiyi anagwera pa simenti.

Takehiro anawerama n'kumutola. Anamuyang'ana kanthawi, kenako anamuika pampando wa njingayo, chakumene kunali mlongo wake.