Kuopa Madzi

Galu uja anali atagwira kale diresi la mwana wanga pamene achimwene ankalumpha mpanda, paipi yachitsulo ili m'manja. Ine ndinali pakhomo ndi beseni la zovala, ndipo ndivomere kuti ndinangoti chilili. Anali galu wofiirira, wowonda, wosadziwika mwini wake, dovu likuyenderera kukamwa, ndipo sankauwa n'komwe. Mwana anagwa chagada pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Achimwene anamukoka galuyo mwendo wakumbuyo, iye n'kutembenuka n'kuwaluma pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, osasiya. Anachita kumuponda pakhosi ndi jombo kuti amasule.

Kenako paipi inayamba ntchito yake. Achimwene ankagwira ntchito kophera ng'ombe, choncho dzanja lawo linkadziwa pomenya. Ndinakuwa kuti amenye pena paliponse koma mutu ausiye, chifukwa mutuwo ndi umene tikaupime ngati muli chiwewe. Ankamva ngati? Anamenya kachitatu, kachinayi, kachisanu, mpaka chigaza chinaphwanyika ngati chikho, magazi n'kuwazikira pa zovala zimene ndinali nditangochapa kumene. Galu anatambasula miyendo, komabe iwo anawonjezera kawiri.

"Kapimeni tsopano, adokotala," anatero ali wefuwefu.

Ankanditchula choncho pondiseka. Sindinali dokotala. Ndinali wothandizira mu labu ya ziweto, chaka chachitatu, ndipo kunyumba ankandiona ngati munthu wotsuka mabotolo atavala chovala choyera.

Mwana anali ndi kachilonda kamodzi pa katumba, pamene dzino linangokhudza. Ndinamutsuka ndi sopo kwa nthawi yaitali, iye akulira. Achimwene anangotsira madzi padzanja pawo, n'kumanga kansalu, n'kubwerera kuntchito. Mutu wa galu ndinaudula ndekha ndi mpeni wakukhitchini, ndinauika m'ndowa, n'kuthiramo ayezi wopempha kwa aneba. Linali Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo labu inali yotseka mpaka Lolemba. Pofika madzulo ayezi yense anali atasungunuka.

Mkulu wa labu yathu anali bambo wina wachikulire amene tonse tinkamutchula kuti Bambo Chilatini. Munthu ameneyu sankatha kudutsa liwu osalivula malaya. Ukamufunsa kumene kuli magolovesi, unkayamba wamva kaye kumene dzina la matenda a tsikulo linachokera. Tikamacheka chigaza cha galu, iwo ankaima kumbuyo kwanga manja ali kumsana, akufotokoza kuti chiwewe madokotala amachitchula kuti rabies, liwu la Chilatini lotanthauza ukali wamisala, ndiponso kuti kachilombo kake anakapatsa dzina la Lyssa, mulungu wamkazi wa Agiriki amene ankapengetsa anthu ndi agalu. Liwu loti virus, ankatero, poyamba linkangotanthauza poizoni. Ndipo kagawo ka ubongo kamene tinkatapa kuti tipime, hippocampus, dzina lake ndi la kanyama ka m'nyanja zamchere ka mutu ngati wa kavalo, chifukwa amene anayamba kukaona anati n'kopindika chimodzimodzi.

"Ndipezereni kavalo wanga, mayi," ankatero tikangotsegula mutu.

Ine zimenezi zinkanditopetsa, koma ndinkapita nazo kunyumba kukadzitamira. Tsiku lina ndinauza achimwene kuti liwu loti vaccine, katemera, linachokera ku vacca, ng'ombe yaikazi, popeza katemera woyamba wa nthomba anamutenga ku zilonda za ng'ombe. Anaseka mpaka kutsamwa, amvekere ndiye kuti iwo katemera amamugwetsa tsiku ndi tsiku, wina aliyense asadzawavutitse ndi jakisoni. Zoona zake n'zakuti mwamuna wogwetsa nkhunzi ameneyu akaona singano ankatuluka thukuta.

Sabata ya galuyo Bambo Chilatini kunalibe. Anapita kukachotsa ng'ala m'diso, ndipo sanachoke asanatiuze kuti cataract m'Chigiriki ndi mathithi a madzi. Ntchito yopima anandisiyira ine. Anandisiyiranso lamulo lawo, limene analemba ndi dzanja n'kumata pamwamba pa sinki: ubongo wowola ukawala pa makina, khulupirira; ukapanda kuwala, sunanene kanthu, wolumidwayo apite akabayitse.

Lolemba m'mawa nditavundukula ndowa, fungo linandibweza mpaka pachitseko. Macheka sanafunike, paipi inali itagwira kale ntchito yawo. M'kati munalibe kavalo, munalibe chilichonse chooneka, munali phala lotuwa losakanikirana ndi tizidutswa ta mafupa. Lamulo linali pamphuno panga pomwepo. Koma inali ntchito yanga yoyamba yopanda munthu woima kumbuyo, ndipo ndinkafuna kubwerera kunyumba ndi yankho m'manja. Ndinatapa, ndinapaka pa kagalasi, ndinathira mankhwala, n'kulowa nako m'kachipinda kamdima. Mukakhala muli chiwewe, pa maikulosikopu pamaoneka timadontho tobiriwira towala. Ndinasuzumira mpaka maso kuwawa. Panali bii.

Masana achimwene anabwera pageti atavala jombo zawo zoyera, dzanja litatupa. Anandifunsa zimene makina anena.

"Alibe chiwewe," ndinatero.

Anandimenya paphewa mwachikondi mpaka ndinadzandira, akuti sukulu yanga yayamba kubala zipatso. Ndinanyada, sindibisa. Mutu uja ndinautentha m'ng'anjo ya kuseri, ndipo m'buku la labu sindinalembemo kanthu.

Koma mtima unakana kukhala pansi. Ndikayang'ana kachilonda ka pa katumba paja, pepala la pamwamba pa sinki linkabwera m'maso. Lachitatu ndinamutenga mwana kupita naye kuchipatala, ndinauza anamwino kuti galuyo anathawa, ndipo anamubaya jakisoni woyamba mwa asanu. Pobwerera ndinadutsira kophera ng'ombe. Ndinawapeza achimwene akunola mipeni, ndipo ndinanena mozungulira, ngati nkhani yongocheza, kuti mwina nawonso akanangopita kukabayitsa, kungodziteteza chabe.

Anaimika mpeni n'kundiyang'ana akumwetulira. "Si iwe unati alibe? Kapena makina akowo amanama?"

Anzawo atatu anali pomwepo, makutu ali tcheru. Ndinkangofunika kunena kuti ndinalakwitsa, achimwene, tiyeni. Ndinati makina samanama, iwo n'kupitiriza kunola.

Panatha masabata asanu ndi awiri. Mwana anamaliza majakisoni ake, dzanja la achimwene linapola n'kutsala kachipsera, Bambo Chilatini anabwerera akuona bwino kuposa kale, ndipo ine ndinayamba kukhulupirira bodza langa lomwe. Ndiye tsiku lina chakumasana alamu anga, akazi a achimwene, anafika pageti la labu opanda nsapato. Anati kwa masiku awiri amuna awo akhala akukanda chipsera chija mpaka magazi, thupi likutentha, ndipo tsopano akuswa zinthu m'nyumba.

Tinathamanga. Pabalaza tebulo linali chadodolido, galasi la zenera lili mbwee pansi. Mnzawo wina wa kuntchito anali atakhala pakhonde atagwira mphuno, magazi akutuluka m'mipata ya zala. Achimwene anali pakona, opanda malaya, maso ali psu, akulavula mosalekeza. Atandiona anandizindikira. Anati ali ndi ludzu loti afa nalo, koma anthu a m'nyumba muno akufuna kuwapha.

Ndinadziwa chochita kuti nditsimikize ngati ndi chiwewe, ndipo ndinadana nacho. Ndinalowa kukhitchini, ndinatunga madzi m'kapu yachitsulo, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono. Anatambasula dzanja n'kulandira kapuyo, akuwafunadi madziwo. Kapu itatsala pang'ono kufika pamlomo, khosi lawo linakokeka, mitsempha yonse n'kutuluka, mutu n'kubwerera m'mbuyo ngati wina wawakoka tsitsi. Anatulutsa mawu amene sindinawamvepo kwa munthu. Dzanja lija linabwera ndi kapu yomwe n'kundipeza pakamwa. Ndinagwera pa magalasi, dzino lakutsogolo lili palilime.

Anzawo anayi ndi amene anawagwira. Woyamba anaponyedwa pakhoma, wachiwiri anang'ambiridwa malaya mpaka m'chiuno. Pomaliza anawagwetsa monga amagwetsera nkhunzi, wina kumiyendo, wina bondo pamsana, n'kuwamanga ndi zingwe za kuntchito kwawo komwe. Onse anayi ankalira pomanga. Achimwene ankatchula mayina awo mmodzimmodzi, akuwapempha kuti amasule pang'ono, kenako n'kuyambanso kuphupha.

Kuchipatala anawaika m'kachipinda kaokha kumapeto kwa khonde, makatani otseka, manja ndi miyendo zomangidwa kubedi ndi nsalu. Dokotala anatiuza mosabisa kuti matendawa akafika apa sabwerera, chimene angathe n'kuchepetsa ululu basi. Alamu anakomoka. Ine ndinakhala pabenchi thonje lili m'kamwa.

Bambo Chilatini anafika cha m'ma fili koloko. Anawerenga pepala la pachitseko ndi diso lawo latsopano, chala chikuyenda pansi pa mawu, ndipo chinaima pa liwu limodzi lalitali. Ndinadikira kuti ayambe kulivula malaya monga mwa masiku onse. Sanatero. Anakhala pafupi nane n'kufunsa motsitsa mawu ngati mutu wa galuyo unafikako ku labu. Ndinawauza zonse: ndowa, phala lotuwa, ng'anjo, Lachitatu lija. Anavula magalasi, anawapukuta kwa nthawi yaitali, n'kunena kuti mawa ndikalembe m'buku, tsiku lake lenileni, ndi dzina langa pansi. Ndikanakonda akanandimenya.

Matendawa ali ndi nkhanza ina: amamusiya munthu kwa kanthawi, nzeru zonse n'kubwerera. Anamwino anatuluka n'kunena kuti wodwala akuitana mlongo wake. Anandiveka magolovesi ndi chophimba kukamwa, ndinalowa.

Anali atachepa pabedipo. Anayang'ana pakamwa panga potupa n'kupepesa, ine ndinati palibe kanthu. Kenako anati madokotala akhala akubwereza liwu lina pamwamba pawo, loyamba ndi haidro, ndipo popeza ine ndi amene ndimadziwa zoterezi, ndiwauze.

"Hydrophobia," ndinatero. "Ndi Chigiriki. Hydro ndi madzi, phobia ndi mantha. Kuopa madzi."

"Basi?"

"Basi, achimwene."

"Ndiye anthu akalewo anaziona ndithu."

"Anaziona. Papita zaka pafupifupi zikwi ziwiri."

Ankavutika kumeza malovu. Ndinaona kuti pali china chikubwera, ndipo ndinagwira chitsulo cha bedi.

"Mwana uja," anatero. "Galu anamukhudza."

"Ndinamubayitsa. Anamaliza onse asanu."

"Liti?"

Ndikanatha kunama kachiwiri. Iwo sakanakhala ndi nthawi yofufuza.

"Lachitatu lomwe lija. Tsiku limene ndinakupezani mukunola mipeni."

Maso awo anachoka pa ine n'kupita kudenga. Ndinawaona akuwerenga masiku, kuchokera Loweruka, kufika Lolemba pageti, kufika Lachitatu. Achimwene sanapite patali ndi sukulu, koma masamu amenewa sanawavute. Ndinadikira kuti anditukwane, ndinkafuna kuti anditukwane. Zala zawo zinatseguka n'kutsekeka m'kati mwa nsalu zija.

"Unachita bwino kumubayitsa," anatero. Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Tseka mpopi uwo, mlongo wanga. Ukundipha."

Ine ndinali ndisanaumve n'komwe. Pakona panali kasinki, ndipo mpopi wake unkadontha, dontho limodzi, kupuma, dontho lina. Lililonse likagunda chitsulo, khosi lawo linkadumpha. Ndinaupotokola ndi mphamvu zanga zonse, koma mphira wake unali utatha, unkangozungulira. Ndinayang'ana nsalu yoti nditsekere, panalibe. Ndiye ndinavula golovesi n'kuika chikhato changa kukamwa kwa mpopiwo.

M'chipindamo munati zii. Kumbuyo kwanga ndinamva mpweya wawo ukutsika pang'onopang'ono. Anakhala ndi moyo masiku ena awiri, koma mawu awo omaliza kwa ine anali a mpopi aja. Ndinaima pomwepo nditawafulatira, dzanja lili m'mwamba, madzi akutsetsereka mwakachetechete kudutsa pamkono mpaka pachigongono, n'kumalowa m'chovala changa choyera chija.