Khomo la Ngolo Latsegulidwa

Khonsolo ya tauni yawo ku Quebec italetsa kugwetsa khola lakale la mahatchi, mayi Odile Garneau, amene anamenyera nkhaniyi mpaka mawu kusasa, anaitana mmisiri kuti atsegule khomo lolowera ngolo, limene eni ake akale analitseka ndi njerwa.

Mlongo wawo wamng'ono, Réal, anaima patali akupukusa mutu. "Achemwali, mukangochotsa njerwazo denga lonse likugwerani."

"Ndiye sunthira uko, lingakudetsere jekete," anayankha mayi Odile.

Njerwa yomaliza itachoka, miyala yakale yoyalidwa ngati uta pamwamba pa khomo sinagwedezeke n'komwe. Anthu anakankha ngolo imene agogo a awiriwa ankayendetsa, n'kulowa nayo bwinobwino. Réal anali atakwera kale pampando wa woyendetsa, akukalipira anthu kuti apatuke.