Katatu Kaye, Amayi

Mphekesera inayambira kunyumba yosambirako amayi, ndipo pofika Lachisanu inali itazungulira tauni yonse ya Sefrou: akuti laisensi yoyendetsera ndege ya Bouchra ndi yachinyengo. Woifalitsa? Apongozi ake enieni, Lalla Zhor!

Nkhani yake inali iyi. Lalla Zhor anali atadzitama kuti kuukwati wa ku Errachidia adzafika pa kandege, mtengwa wawo akuyendetsa. Bouchra atakana, chikondi chonse chinasanduka ndulu.

Loweruka m'mawa gogoyo anatulukira pabwalo la ndege atavala kafutani wagolide, anzake anayi ali pambuyo kudzaonerera manyazi a mtsikanayo. Anapeza Bouchra ali pambali pa kandege kaja, khanda lake lili kumsana.

"Iwe, tsegula chitseko," anatero Lalla Zhor. "Kapena uvomere pano kuti pepala lakolo ndi lokulungira nsomba."

Bouchra anamva makutu akuyaka. Maola onse aja anauluka ndi mphunzitsi, mayeso onse aja, lero aziseweretsedwa ndi anthu oopa ngakhale makwerero?

"Amayi, dokotala wandilola kale kuuluka. Koma sindinganyamule munthu ngati sindinanyamuke ndi kutera katatu m'miyezi itatu yapitayi."

"Ndiye unkatani masiku onsewo, waulesi iwe?"

"Munanditsekera m'nyumba ndinu. Masiku makumi anayi a uchembere atatha munawonjezera ena, mukuti mphepo indiumitsa mkaka."

Mmodzi wa amayi aja anaseka, n'kubisa kamwa ndi mpango.

"Tamverani pakamwa pakepo! Mwana wanga anakwatira wailesi!" anakalipa gogoyo.

Walira mvula walira matope. Bouchra anamasula khanda kumsana, nalisiya m'manja mwa apongozi akewo, n'kukwera yekha. Kandege kanathamanga, kanadzuka, kanazungulira pamwamba pa minda ya azitona, kenako kanatera bwinobwino ngati njiwa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu mphepo inakakankhira kumbali, koma matayala anapsompsona pansi mwaulemu.

Anazimitsa injini, natsegula chitseko.

"Tsopano lamulo landilola. Mpando ndi uwu, Amayi. Koma musanakwere, auzeni anzanuwa kuti laisensi yanga ndi yotani."

"Ukundilamula ine? Pamaso pa anthu?"

"Munandinyoza pamaso pa anthu omwewa."

Lalla Zhor anapatsira mnzawo khanda lija, nayandikira, naponda phazi limodzi pa chitsulo chokwerera. Milomo inali itamangana ngati thumba la ufa. Akabwerera, ku Errachidia akawaseka mpaka chaka chamawa. Akakwera, ndiye kuti adzitcha okha abodza. Bouchra sanasunthe dzanja pachitseko, ndipo mphepo inkangokupiza kafutani uja, phazi lina lili pansi, lina m'mwamba.

Nanga inu, mukanakhala Lalla Zhor, mukanasuntha phazi liti?