Mbande Makumi Anayi pa Esiteti ya a Mphepo

Ine ndi mnzanga Sunganani tinayambitsa kampani tilibe ngakhale wilibala. Chachikulu chomwe tinali nacho ndi maloto: pakutha zaka zisanu, zigafa zonse za ku Kaluluma zikhale ntchito ya manja athu. Nzeru inali yake. Chaka ndi chaka mlimi amavutika kusaka mphanda zomangira chigafa choyanikamo fodya, chiswe n'kudya, pomwe mitengo inatha kalekale. Bwanji osamudzalira mitengo m'mizere, motalikirana ngati mphanda, kuti ikakula angoika denga? Ine ntchito yanga inali pakamwa, kukopa alimi.

Koma mlimi wa kuno sagula chinthu asanachione. Tinafunika chigafa chachitsanzo pamalo oonekera, ndipo malowo ndinasankha ndine: m'mbali mwa msewu, kuseri kwa nyumba ya makolo a Sunganani. Bambo ake, a Benjamin, anali tenanti wochokera ku Mulanje pa esiteti ya a Mphepo. Sunganani anakayika, ine n'kumuseka kuti ndi wamantha. Tinadzala mbande makumi anayi za mitengo ya keshya bambo ake ali kumunda.

Patatha masiku atatu a Mphepo anatulukira pa njinga yamoto. Sanakalipe. Anangofunsa a Benjamin ngati malowo agula, poti munthu amadzala mtengo pamalo pake. Anati likafika Loweruka mbandezo zikadali m'nthaka, banja lonse likasake esiteti ina, fodya wawo n'kumusiya m'munda.

Ndinapsa mtima. Ndinafuna kuwatsatira ndikawauze kuti mitengoyo idzapindulira iwo omwe, koma a Benjamin anandiletsa.

"Lefina mwana wanga, tayang'anani nyumba zonsezi. Mukuonapo mtengo wa mango? Nanga papaya?"

Ndinayang'ana. Ndinakulira pafupi ndi esitetiyo, ndadutsapo kambirimbiri, koma ndinali ndisanazindikire kuti pa nyumba za matenanti palibe mthunzi. Kwathu mango amagwera padenga mpaka kutitopetsa. Ndinachita manyazi. Sunganani sanandidzudzule ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri.

Lachisanu tinazula mbande zonse ndi dothi lake, n'kuzisenza m'mabeseni kupita kumunda wa amayi anga, kutali ndi msewu, kosaonekera. Kampani inabwerera m'mbuyo, sindikana. A Benjamin anatiperekeza atanyamula beseni lawo, ife n'kumaganiza kuti akufuna kutsimikiza kuti zachokadi.

Titakumba maenje, a Benjamin anaima pambali, chipewa chili m'manja, n'kufunsa amayi anga mwaulemu.

"Mayi, malo ano ndi anu. Mungandilole ndidzaleko umodzi ndi manja angawa? Zaka makumi awiri ndi ziwiri sindinadzaleko mtengo."

Amayi anavomera. A Benjamin anagwada n'kuyamba kukwirira dothi pang'onopang'ono, ndipo anachedwa pa dzenje limodzilo mpaka ife tinamaliza mzere wonse.