Mpando Wachitatu

Kalata inafika ku Chiparamba pa 9 Juni 1997, n'kukhala pansi pa wailesi osayankhidwa. Sukulu ina ya za ndege ku Lusaka inkapempha Enoch Sakala kuti akaphunzitse miyezi itatu m'ndege yakale ya Boeing 707 imene inaimikidwa kuseri kwa makalasi. Yankho linkafunika pofika pa 4 Julayi.

Enoch anauluka zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali injiniya wa m'ndege, zambiri mwa izo mu 707 momwemo. Oyendetsa awiri ankayang'ana kutsogolo. Iye ankakhala kumbuyo kwawo, nkhope kukhoma lakumanja, pamene panali mageji ndi maswichi a mafuta, magetsi ndi mpweya. Nyanja ndi mapiri ankaona anzake, iye ankaona timivi ta pamageji tikugwedera, ndipo sanadandaulepo. Kampani ya ndege imene ankagwirako itatsekedwa mu Disembala 1994 analemba makalata asanu ndi awiri ofunsira ntchito kumaiko akunja. Amene anayankha ananena chimodzimodzi: ndege zatsopano zili ndi mipando iwiri, ntchito ya wachitatu ikugwiridwa ndi kompyuta. Anabwerera kumudzi kukalima thonje.

Loweruka pa 28 Juni kunabwera mwana wake Tamiwe, amene ankaphunzira kukonza ndege pasukulu yomweyo. Anampeza akupondera thonje m'thumba.

"Atate, aphunzitsi akufunsa. Mwayankha?"

"Ili ndi mainjini?"

"Anachotsa onse anayi."

"Ndiye si ndege. Ndi khola."

"Kholalo n'limene tikuphunziramo ife."

Enoch anapondanso. Chimene ankaopa sanachinene: kukhala pampando uja, kukhudza swichi, kamuvi osasuntha.

Tamiwe anatulutsa buku la kusukulu n'kumuonetsa chithunzi cha chipinda cha oyendetsa m'ndege yatsopano. Panali magalasi asanu ndi limodzi onga a wailesi yakanema. Enoch anayang'ana kumanja kwa chithunzicho, pamene pakanakhala khoma lake. Panalibe kanthu.

"Kuyambira Januwale tiziphunzira zimenezi," anatero Tamiwe. "Gulu lathu ndi lomaliza kulowa mu yakaleyo."

"Nanga panopa pampando wanga amakhalapo ndani?"

Tamiwe anaseka. "Wopendekeka uja? Timaikapo zikwama."

"Zikwama!"

"Nanga unakhalira cham'mbali. Boaz wa m'kalasi mwathu akuti unathyoka."

"Sunathyoke! Pansi pake kumanzere pali chogwirira. Ukachikoka umazungulira. Ponyamuka injiniya amayang'ana kutsogolo, dzanja kumbuyo kwa dzanja la kaputeni, mpaka mainjini onse anayi atagwirizana. Sanakuuzeni?"

"Atiuze ndani, Atate? Onse anaphunzira kukonza pansi. Amene anaulukamo palibe."

Enoch anatsika pathumba. Dzanja lake linali litatambasuka kale, zala zinayi zitatalikirana pang'ono, monga momwe zinkakhalira pa ndodo zoonjezerera mphamvu ya mainjini. Analiyang'ana, kenako n'kulipukuta pathalauza.

Lolemba m'mawa anapalasa njinga kupita ku positi ya ku Chipata. Pafomu ya telegalamu analemba mawu ochepa: avomera, afika pa 6 Julayi. Kalaliki atawerenga anafunsa mwaulemu ngati a Sakala akubwerera kukauluka.

"Iyayi," anatero Enoch. "Iyoyo siuluka. Ndikungokakhalamo."