Ndilipo

Lackson anali atapala kale ndi mpeni tsaya limodzi la nkhope yosemedwa pabwato la bambo ake pamene mlongo wake Teleza anatulukira padoko, dengu lothyolera tiyi lidakali kumsana.

"Achimwene! Mukutani apo?"

"Ukuona wekha. Akapitawo ati abwana safuna zosemasema. Bwatoli lipakidwa penti yoyera, masana ano likwera ngolo kupita kudamu la kuesiteti."

Teleza anaponya dengu n'kugwira dzanja la mpenilo. Bambo awo, a Namakhwa, anaikidwa dzana lomweli, dothi la pamanda lisanaume n'komwe, koma Lackson anali atalonjeza kale bwato lawo posinthana ndi ntchito ya ulonda. Mnyamatayo sanali woipa mtima ayi. Khasu la thangata linamukwana, ndipo madzi ankawaopa ngati mphaka.

Bwatolo linkadziwika kuyambira ku Khonjeni mpaka kutsidya la Ruo, dziko la Apwitikizi. Dzina lake linali Ndilipo. Kumphuno kwake malemuwo anasemako nkhope ya mkazi, ya mphini zitatu tsaya lililonse ndi kamtanda pachipumi. Panalinso kampando ka kutsogolo komwe munthu sankaloledwa kukhalapo, bwato lidzaze chotani. Ukawafunsa ankangoti, "Pali mwini wake," n'kupitiriza kupalasa. Akazi awo, a Magdalena, anakalamba akuchitira nsanje chimtengo chimenecho, ndipo ankachitchula kuti mkazi mnzawo.

"Msiye apale!" anatero a Magdalena, atakhala pamwala ndi mutu wawo wometa. "Wandilanda mwamuna zaka zonsezi ameneyo."

Asanamalize, mawu anamveka kuchokera kutsidya.

"Ndilipo-o-o! Ndilipo-o-o!"

Ndi mmene anthu ankaitanira bwatolo. Kutsidyako kunaima mzimayi mmodzi, kamtolo pamutu.

"Doko latsekedwa," anatero Lackson.

"Latsekedwa ndi ndani? Bambo sanasiyepo munthu tsidya lija!"

Teleza anakankha bwato, analumphiramo, nkhafi m'manja, mchimwene wake n'kutsala kukamwa yasa. Anapalasa mwaukali, misozi ili chuchuchu, poganiza kuti uwu ndiwo ulendo womaliza.

Atafika, mzimayi uja sanalowe. Anagwada m'matope n'kuyamba kusisita nkhope yosemayo. Kenako anadzutsa mutu, ndipo nkhafi inampulumuka Teleza. Mphini zitatu tsaya ili, zitatu tsaya ilo, kamtanda pachipumi. Nkhope ya pabwato inali itavala thupi!

"Ndine Marita," anatero mlendoyo m'Chinyanja cholemera Chilomwe. "Ndikufuna mwini bwatoli."

Teleza anangoloza mutu wake wometa. Marita anamvetsa, analowa n'kukhala pansi penipeni pa bwato. Teleza anapalasa ngati wathamangitsidwa ndi mvuu, akukuwa asanafike n'komwe.

"Amayi! Achimwene! Bwerani mudzaone!"

Amayi ochapa anasiya nsalu pamiyala. Amene anali kusesa pasiwa anatsetsereka ndi masache awo m'manja. A Magdalena anayang'ana mlendo, anayang'ana bwato, anayang'ananso mlendo.

"Ndiye ndiwe? Koma ndiwe mwana iwe!"

"Si ine, amayi. Ndi mayi anga, mlongo wawo wa amuna anu. Mphinizi ndi za kwathu, ananditema ndi iwowo."

Marita anafotokoza. Chaka chimene asilikali a Apwitikizi ankagwira amuna kupita nawo kuchibalo, mayi ake ndi a Namakhwa anathawira kumtsinje uno. M'bwato lomwe anapeza munatsala malo a munthu mmodzi. Mlongoyo anamukankhiramo mchimwene wake popeza ndiye ankasakidwa. Mnyamatayo anakuwa ali pakati pa madzi kuti adzamutenga, koma pobwerera m'mawa mwake anapeza gombe lili mbee, akazi onse atawakusira kumapiri.

"Mayi anamva mochedwa, kwa anthu obwerako kutiyi, kuti pa Ruo pali bwato la nkhope yawo. Anaseka tsiku lonse! Ankati, 'Wandisema wokongola kapena wandinyoza?' Koma miyendo inali itafa kale. Pomwalira anandiuza kuti ndibwere ndidzawauze amalume asiye kudikira."

A Magdalena anaomba m'manja, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Kalanga ine! Zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana alamu anga! Nkhalamba yamanyazi ija, kungonena kunavuta chiyani?"

Nthungululu inaphulika pakati pa amayi aja, pamaliro pomwepo, ndipo palibe anadzudzula mnzake. Teleza anamukumbatira Marita akungoti, "Msuweni wanga, msuweni wanga!" Chimwemwe chinamudzaza.

Mayi wina wachikulire analoza Lackson ndi tsache. "Iwe, wamva? Katundu wa malume ndi wa ana a mlongo. Umagulitsa bwato la eni!"

Kumtunda kunamveka kulira kwa mateyala a ngolo. Akapitawo anali kutsika ndi ng'ombe zawo.

Marita anagwedeza mutu. "Sindinabwerere katundu ine. Ngati bwatoli likukupezetsani ntchito, msuweni, perekani. Nkhope ya mayi ndaiona, basi."

Teleza anatembenukira kwa mchimwene wake. Lackson anayang'ana ngolo, anayang'ana tsaya lija analipala, loyera ngati chilonda. Anautembenuza mpeni m'manja.

"Lackson!" anakuwa akapitawo. "Penti ndabwera nayo. Bwato lakonzeka?"

"Pepani akapitawo, bwererani nayo. Mwini wake wafika."

"Ulonda wautaya pamenepa, ukudziwa?"

"Ndikudziwa. Khasu silinandiphe chaka chatha." Anatembenukira kwa Marita. "Msuweni, taimani apa. Penyani kumtunda, musagwedezeke."

Anagwada pamphuno ya bwato, diso patsaya la Marita, n'kuyamba kutema mphini zija mwatsopano, imodzi imodzi. Ngolo inabwerera yopanda kanthu, amayi akuiperekeza ndi nthungululu.

Lackson atamaliza, a Magdalena anadzuka pamwala paja. Anamugwira Marita padzanja n'kulowa naye m'bwato. Kampando ka kutsogolo kanali kosalala, kakuda ndi mafuta a nsatsi amene malemuwo ankapakapo m'mawa uliwonse, koma kopanda ndi kamkwawu komwe. Anakapukuta ndi mkono wa malaya, monga ankachitira amuna awo.

"Khala apa, mwananga," anatero. "Amalume ako anakusungira."